Dzina Limene Ndidalasa Nalo Asewere Anga

Chotsani foniyo pamaso panga, ana inu, maso anga saona tizilembo tonga nyerere. Mukuti mkazi wa mkulu wanu Mali ali pafupi, kuchipatala amuunika aona kuti ndi mwamuna, ndiye inu mwatolera maina aafupiafupi kuti ine ndisankhepo limodzi? Ha! Mwana sanabadwe, inu mwamudziwa kale, dzina mwamusakira kale. Ife zimenezo tinkati n'kuputa tsoka. Tawerenga timve, iwe Tadala. Dalo? Ameneyo ndi Dalitso, mwangomudula miyendo. Limbi ndi Limbikani, dzina la mwana wobadwa pakhomo pali zokhoma. Fatsa ndi Fatsani, lotchedwa pofuna kuuza anthu aphuma kuti aziugwira mtima. Chiko, Thoko, Yami, onsewo ndikuwadziwa ndi michira yawo yomwe. Ndi abwino ndithu, sachedwetsa poitana mwana akalowera kudambo. Koma ine sindisankha. Ndidasiya kutcha ana maina, ndipo lero mumva chifukwa chake. Khalani pansi. Iwe Yohane, leka kutokosa galuyo.

Masiku ano dzina mumalisankha ngati malaya pa kaunjika, lokoma m'maso ndi lomwelo. Kwa ife dzina linali kalata. Ukakhala ndi mawu okutsamwa pakhosi koma osatha kuwanena pamaso pa mnzako, unkangodikira mwana abadwe. Mnzanga wina konkuno ku Golomoti anali Ndaziona, amayi ake adazionadi pamitala. Wina anali Nyamayawo, akulu ake atatu adatsatizana kumanda, ndipo aliyense womva dzinalo ankadziwa kuti pakhomopo pali amene akulozedwa chala. Ena ankatcha mwana Manda kapena Maliro kuti imfa ikamva inyansidwe, imulambalale. Analiponso ongoseketsa. Matipate atangoyamba kudabadwa a Nyali ndi a Voti, ndipo mwana wina adabadwira m'mbali mwa njanji amayi ake akuthamangira kuchipatala. Mpaka lero ndi a Njanji, ndevu zili pepeya.

Tsono Mali. Inu mumangoti a Mali, a Mali, mumayesa dzina lathera pomwepo. Lonse ndi Malizani. Mudayamba mwadzifunsapo kuti akuuzidwa kumalizayo ndani, ndipo amalize chiyani? Dzinalo ndidatcha ndine, ndi pakamwa pangapa.

Nthawi imeneyo sikimu ya Bwanje inali yatsopano, ine ndidakali ndi mphamvu zanga. Ndinali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, Bokosi ndi Sitima. Njinga zamoto zikusokosa pamsewuzi kunalibe, mpunga ukachoka kumunda unkakwera ngolo yanga mpaka kumsika. Ndinali wamtima wapachala, zimenezo musachite kumva kwa wina. Ndinalinso wodzimva, chilichonse pakhomo ndinkati ndichita ndekha. Ndinali ndi lumo lopinda, lachitsulo chenicheni, osati tanu tometa kamodzi n'kutayati. Ndinkalinola pamwala, n'kumetera ndevu, kufulira ng'ombe, kutumbulira zotupa za ziweto, ndikatha n'kulipukuta pa kabudula, n'kulitsomeka paudzu wa chisakasa cha pakhola. Linali lakuthwa loposa lumo lililonse m'mudzi muno. Mayi akachira pakhomo pano, malemu agogo anu aakazi ankangoti, “Patseni lumo lija tidulire mchombo,” ine n'kupereka monyadira.

Esinati, mwana wanga woyamba, amayi ake a Mali, adakwatiwa ndi a Lufeyo a ku Mtakataka, mmisiri wa matabwa, munthu wofatsa. Adadzakhala pachikamwini pano. Amayi awo ndiwo Anambewe, asewere anga, mayi wamasiye wamtali, woyenda ndi korona m'khosi, wosalankhulalankhula. Kusalankhulako n'kumene kunkandinyansa ine. Munthu wa zii sudziwa chimene chili kumtima kwake.

Mwana woyamba wa Esinati adabadwira m'nyumba iyo, mwamuna. Mwambo wake mukuudziwa: mayi ndi khanda amabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Ukagwa amamumeta, amamusambitsa, n'kumutulutsira pabwalo kuti atchedwe dzina. Woyamba amatcha ndi akuchimuna. Anambewe adabwera, adamunyamula, adati Chisomo. Patangopita masiku awiri mwana adakana bere. Kakamwa kadauma, timanja tidafumbata, kathupi konse gwaa. Tisanathe kumanga ng'ombe pagoli kuti tithamangire naye kuchipatala, anali atatisiya.

Chaka chinzake, mwamunanso. Ine ndidati asewere atchenso, apukutire misozi. Adabwera, adamunyamula, adati Madalitso. Masiku atatu, zomwe zija: bere wakana, timanja tafumbata, kamsana kapindikira kumbuyo. Ana inu, musadzazione. Timabokosi tonse tiwiri adakhoma a Lufeyo okha, bambo wake wa anawo.

Anthu sachedwa kuwerengera. “Mwana amakhala bwinobwino m'chikuta, akangomugwira mayi wa ku Mtakataka uja, basi.” Mawuwo adayambira kumjigo, adafika kwa ine, ine n'kuwameza osatafuna. Sindidafunse munthu. Mtima wanga udagamula wokha kuti zidzukulu zanga akundidyera ndi asewere anga.

Esinati atatenga pathupi pachitatu, Anambewe adachita chinthu chimene chidandipsetsa mtima koposa. Adayamba kubwera mwezi ndi mwezi kudzamutenga, pena wapansi pena pa kabaza wa njinga, ulendo wa kusikelo ku Mua. Lero ati kukayezetsa, mawa ati kukabayitsa jakisoni. Masiku atayandikira adamutengeratu kukadikirira konko. Ine ndidati, “Akufuna akamudyere kutali ndi maso athu.” Agogo anu adandiyang'ana, adati, “Bambo a Esinati, pakamwa panupo.” Mwana adabadwira kuchipatala, mwamunanso, ndipo adabwera naye kuno kudzamalizira chikuta.

Ulendo uno kutcha dzina kunali kwa ife akuchikazi, ndiye kuti kwa ine. Dzinalo ndidalikonzera pangolo, ndikuchokera kusikimu. Malizani. Mwatha awiri, malizani ndi uyu yemwe, ife tikukuonani. Ndinkalitchula mokweza ndikukwapula Bokosi, mtima n'kumazizira. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndidaliulula pa bawo, ndipo chonenedwa pa bawo sichigona panjira.

Mchombo udagwa Lachisanu. Madzulo ake ndikutsekera ng'ombe, a Lufeyo adabwera, adanjuta chapatali monga achitira mkamwini, chipewa chili m'manja.

“Bambo, ndamva dzina limene mwakonza.”

“Mwamva kwa yani? Dzina limamveka tsiku lake.”

“Aja ndi amayi anga, bambo. Ana aja analinso anga. Mabokosi ndinakhoma ndine.”

“Ndiye mukufuna mukhome lachitatu?”

Adawerama, chipewa chija akuchifinya. Kenaka adati, “Mukalitchula pagulu, amayi sadzapondanso pano. Ndipo kwathu akamva, mukudziwa zimene anthu amawachita amayi okalamba onenedwa zotere.”

Ndinkadziwa. Ndidaonapo nyumba ya nkhalamba itasanduka phulusa chifukwa cha mawu ngati amenewo. Koma ndidati, “Wosalakwa dzina silimuluma.” Ndidakoka mtengo wotsekera khola, ndidawasiya ali chinjutire.

Agogo anu nawo adandigwira pakhonde. “Mwana wanu akulira m'chikutamo, mkaka uchita kuuma. Akuti chonde mtcheni Limbani. Dzina si khasu loti mukabwereketsa mukalitenganso.” Ine ndidati ndamva. Kunena zoona ndidagona mitima iwiri.

M'mawa mwake tidayala mphasa pabwalo apo, pamene pali njinga ya Yohanepo. Akuchikazi uku, akuchimuna uko. Anambewe adafika dzuwa litakwera pang'ono, nkhuku ili m'khwapa, sopo ali pa kansalu. Adagwada, adati, “Mwadzuka bwanji, asewere?” Adandiyang'ana m'maso, ndipo ndidadziwa kuti nawonso amva. Amva, koma abwerabe. Ine ndidati kulimba mtima kotereku n'kwa mfiti basi.

Azimayi adatuluka naye mwana, kamutu kali mbee kometedwa, adamuika m'manja mwanga. Esinati adakhala pakhomo la chikuta, maso ali pa ine, milomo ikuyenda osatulutsa mawu. A Lufeyo adayang'ana pansi. Ndikuuzeni zoona, Limbani lidafika palilime. Ndidatsegula pakamwa kuti ndilitchule. Pomwepo mwana adagwira chala changa, adachifumbata, monga achitira makanda onse. Ine ndidaona timanja ta ana awiri aja. Nditakweza maso ndidaona Anambewe akupukuta manja pachitenje, kukonzeka kuti amulandire.

“Uyu ndi Malizani.”

Nthungululu sidalire. Mayi wina amene adayamba kuikweza adaimeza. Esinati adaphimba nkhope ndi nsalu. Ine ndidaika mkanda m'kadzanja ka mwana, ndipo mkanda ukaikidwa dzina lakhazikika.

Kwathu kuno mwana akatchedwa amadutsa m'manja mwa akuluakulu, aliyense amutchule dzina lake. Agogo anu adamulandira, adalinong'ona ngati akutukwana m'tchalitchi. Wotsatira anali Anambewe. Maso onse adapita kwa iwo. Ena ankati akana, ena ankati atukwana, achibale awo anali atayamba kale kudzuka pamphasa. Iwo adatambasula manja, adamulandira. Adamuyang'ana nthawi yaitali, adamununkhiza pamutu, kenaka adati mokweza, mawu osanjenjemera, “Malizani. Takulandira, Malizani.” Adadzuka, adakamupereka kwa mayi wake, adatembenukira kwa ine.

“Asewere, uthenga wanu wafika. Manja angawa sadzamugwiranso, kuti akadzatsokomola musadzavutike kufuna munthu womuloza chala.”

Nkhuku ija adaisiya pansi ili chimangire. Sadadye, sadamwe ngakhale madzi. A Lufeyo adawaperekeza mpaka kumsewu, adabwerera chifukwa cha mkazi wawo ndi mwana, koma kuyambira tsiku limenelo sadapisenso dzanja m'mbale imodzi ndi ine.

Masiku otsatirawo ngolo sidatuluke. Ndinkakhala kuseri kwa nyumba ya Esinati ngati ndikusoka goli, khutu lili kukhoma, kumvetsera ngati mwana akuyamwa. Tsiku loyamba, akuyamwa. Lachiwiri, akuyamwa. Lachitatu adalira kwambiri chakumasana, ine ndidafuula kuti, “Tamuyang'anani timanja!” Anali njala chabe. Sabata idatha, mwezi udatha, mwana akunenepa. Pamenepo ndiye ndidatukumuka. Pa bawo ndinkati, “Mwaona? Mfiti ukaitchula imachita manyazi.”

Mawu angawo adakafika ku Mtakataka. Ana ankagenda denga la Anambewe. Zitumbuwa zimene ankagulitsa pamsewu zinkabwerera zonse m'beseni. Kutchalitchi akakhala pabenchi, anzawo ankasendera. Ine ndinkazimva zonsezo, ndinkangoti walira mvula walira matope. Tsiku la msika ankabwera ku Golomoti kuno, osagula kanthu. Ankaima tsidya la msewu kuyang'ana Esinati akudutsa ndi mwana kumbuyo, manja atawabisa m'chitenje. Zaka zinayi, ana inu. Iwe Tadala, wati ndinali woipa? Nena mokweza, usaope. Ndinali woipa.

Mali ali ndi zaka zinayi, Bokosi adakalamba, ndidagula kang'ombe kamphongo kuti kadzalowe m'malo mwake. Ndidakafula ndekha ndi lumo langa monga mwa masiku onse. Sabata idatha kali bwinobwino. Tsiku lina m'mawa ndidakapeza kataima pakona, msipu kakukana, nsagwada zauma, miyendo ili gwaa, mchira uli njo. Ndidaitanitsa alangizi a ziweto, bambo wina wodekha amene ankayenda panjinga ndi chikwama chake.

Adangokayang'ana kamodzi. “Madala, iyi ndi kafumbata. Munafulira chiyani?”

Ndidasolola lumo paudzu paja, ndidawaonetsa.

“Munaliwiritsa?”

“Kuwiritsa lumo? Yasanduka mbatata?”

Sadaseke. Adati tizilombo ta nthendayi timakhala m'ndowe ndi m'dothi la m'khola, timalowera pabala, ndipo timayamba tabisala masiku angapo tisanaonekere. Akutseka chikwama adawonjezera, ngati nkhani wamba, “Ngakhale makanda, akadulidwa mchombo ndi chitsulo chotere, amatha sabata ali bwinobwino, kenaka amakana bere, n'kuuma. N'chifukwa chake amayi apakati amawabaya katemera kusikelo.”

Ndidakhala pansi pomwepo, pandowe. Sabata. Tsiku limene mchombo umagwa, tsiku lotulutsa mwana, tsiku limene Anambewe ankabwera kudzamunyamula. Ana aja ankafika m'manja mwawo atatenga kale imfa palumo langa. Nanga Mali adapulumuka bwanji? Mchombo wake adadulira kuchipatala, mayi wake adabayidwa jakisoni uja. Adamutengera kumeneko ndani? Alangizi adandifunsa ngati ndikudwala, ine ndidangodzuka ndi lumo lija m'manja.

Lumolo ndidakaliponya m'chimbudzi. Nditawauza agogo anu adalira ngati maliro agwa tsiku lomwelo, poti dzanja lodula linali lawo. Ndidati, “Inu mudapempha lumo, wopereka ndine, woloza chala ndinenso.”

Kutacha ndidamukweza Mali pakaliyala, ulendo wa ku Mtakataka kwa Anambewe. Njira imene ndinkaidya osaimva, tsiku limenelo idanditalikira. Ndinkati akandithamangitsa ndi munsi, ndipo akadatero sindikadadandaula. Tidawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Atangoona mwana adaika mpeni pansi, manja adawapititsa kumbuyo.

Ndidati, “Pereka moni kwa agogo ako.”

Mwana adapereka moni. Iwo adati, “Dzina lako ndani, bambo?”

“Malizani!” Adayankha mokweza, chifuwa chili patsogolo, monga adamuphunzitsira.

Ndikadakonda nthaka ikadang'ambika. Ndidagwada padothi, ine amene sindidagwadirepo munthu, ndidafotokoza zonse: kang'ombe, alangizi, lumo. Adamvetsera osandidula.

“Kuti si ine ndinkadziwa,” adatero. “Za lumo sindinkadziwa. Ndinkangoti kunyumba kwatikanika kawiri, tiyeseko kuchipatala.”

“Asewere, ndikhululukireni. Dzinali tilichotse, mutche lanu.”

“Dzina limene mwana wavomera kale silichotsedwa. Ine ndizimuitana Mali, linalo pakamwa panga silidzatulukanso. Koma zimene mwanenazi mwanenera kuseri, tamva ndine ndi nkhuku zangazi. Dzina lija munalitchulira pabwalo. Mukanenere pomwepo, anthu omwe aja akhalepo, ndi akuno omwe.”

Mwanayo sadamukhudze. Tidabwerera.

Musaganize kuti zinali zapafupi. Masiku atatu ndinkayenda ngati wodwala malungo. Kuima pamaso pa anthu amene ndinkawadzitamira pa bawo? Pamaso pa mwana wanga, kumuuza kuti ana ake adapita ndi chitsulo cha bambo wake? Mnzanga wina adati, “Ingowatumizirani mbuzi, nkhani ithe mwakachetechete.” Ndidatsala pang'ono kumumvera. Koma mbuzi sikadaletsa ana kugenda denga lija.

Lamulungu anthu ataweruka kutchalitchi tidayalanso mphasa. Akuchikazi uku, akuchimuna uko, a ku Mtakataka adabwera ambiri kuposa tsiku la dzina, nkhope zili zomanga. Ndidaimirira.

“Ana awiri a Esinati adapita ndi lumo langa. Mayi awa ndidawanamizira. Amene ndidawaloza chala ndi dzina ndiwo adapulumutsa mwana ali apayu. Wakupha ngati mukumufuna, ndi ine.”

Esinati adalira mokweza, sadandiyang'ane. A Lufeyo adadzuka, adakaima kuseri kwa nkhokwe. Mchimwene wawo wa Anambewe adayamba kulankhula zaukali, koma iwo adamuletsa ndi dzanja. Adaimirira, adamasula chitenje chapamwamba, adawerama.

“Mali, bwera.”

Mwana adayang'ana mayi wake, mayi wake adamukankha pang'ono. Anambewe adamukweza kumsana, adamanga chitenje pachifuwa. Chimwana cha zaka zinayi, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo.

“Ndine wamkulu ine!” Mali adatero akuphiriphitha.

“Ndikudziwa, bambo. Khala phee.”

Palibe adaseka. Adayenda naye pang'onopang'ono mpaka pamtengo wa mango uwo, msana ukunjenjemera, akumusisita kumatako monga achitira ndi khanda. Adatembenuka, adabwerera, adadzaima pamaso panga akupuma movutikira, thukuta ndi misozi zitasakanikirana.

“Asewere, walemera,” adatero. “Mukanandipatsa akadali wopepuka.”

N'chifukwa chake, ana inu, ndidasiya kutcha ana maina.